Mkangano wa magazi a anthu ochira korona unachokera kutali

Mpaka lero mu minibasi ya ku Matero kapena Chawama mu Lusaka nkhani ya korona ikangoyambika sipalephera bambo wina wonena kuti ine ndinadwala nkuchira, magazi anga ndi mankhwala kale, katemera ngwachani. Anthu amangoseka koma maganizo amenewa sanayambire pa siteshoni ya mabasi ya Kulima Tower iyayi, madokotala enieni akhala akukokanakokana nawo kwa zaka zoposa 100.

Anayambitsa ndi Emil von Behring wa ku Germany ndi mnzake Shibasaburo Kitasato wa ku Japan mu 1890. Anaona kuti nyama ikapirira poizoni wa kafumbata, madzi a m'magazi ake ukawabaya nyama ina nayonso imatetezeka. Behring anapata Nobel mu 1901 chifukwa cha ntchito yotereyi pa matenda a pakhosi otchedwa diphtheria. Pa mliri wa chimfine wa 1918 madokotala ena ankaika odwala magazi a anthu ochira. Ku Kikwit ku Congo mu 1995 odwala Ebola 8 anawaika magazi a opulumuka ndipo 7 anachira, anthu nkuyamba kuomba m'manja, koma atayesanso ndi anthu ambiri ku Guinea mu 2015 phindu silinaoneke. Pena zikugwira pena ayi, ndipo funso linali lomwelo, chavuta nchani?

Korona atafika anthu anathamangiranso komweko poti mankhwala kunalibe. Magazi akawazunguza pa makina, maselo ofiira amakhala pansi, pamwamba pamatsala madzi achikasu onga tiyi wopanda mkaka, ndiye plasma imeneyo, ndipo ma antibody, zida zotetezera zimene thupi linapanga polimbana ndi kachilombo, amakhala mmenemo. America inavomereza kuika odwala plasma mu Ogasiti 2020. Kenako kafukufuku wamkulu wa RECOVERY ku Britain, wa odwala oposa 11,000 ogonekedwa m'chipatala, anapeza kuti olandira ndi osalandira anamwalira mofanana, 24 pa 100 alionse. Pofika Disembala 2021 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati kwa odwala pang'ono musamagwiritse ntchito, kwa odwala kwambiri pokhapokha pa kafukufuku.

Manje apa mpamene pali nkhani. Mapaketi a plasma amaoneka ofanana koma zam'kati zimasiyana kutalitali. A ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America mu 2020 anapima anthu 126 ochira amene anabwera kudzapereka, nkupeza kuti ma antibody ambiri anali mwa amuna, achikulire, makamaka amene anagonekedwa m'chipatala. Amene anangomva kamutu ndi kusiya kumva fungo masiku ochepa, ambiri anali ndi tochepa chabe. Sikuti abambo ndi olimba kuposa amayi ayi, musanyade a malume, zikuoneka kuti matendawo ndi amene ankawapanikiza kwambiri ndiye thupi linakakamizika kumenya nkhondo nthawi yaitali. Nthawi nayonso ili ndi mbali yake, ma antibody amakwera pakapita masabata atatu kapena anai chiyambire kudwala kenako amayamba kutsika mwezi ndi mwezi. Ndipo wolandirayo amafunika alandire msanga, ku Argentina okalamba amene anapatsidwa plasma yamphamvu asanathe masiku atatu, chiwerengero cha ofika podwala kwambiri chinatsika pafupifupi ndi theka. Ukadikira munthu afike pa oxygen ndiye kuti wachedwa.

Tsono taganizani za kuno kwathu ku Zambia. Odwala oyamba analengezedwa pa 18 Malichi 2020, masukulu nkutsekedwa sabata yomweyo. A bungwe lotolera magazi la ZNBTS, amene likulu lawo lili pa chipatala chachikulu cha UTH, amadalira kwambiri ana asukulu za sekondale ndi makoleji, achinyamata athanzi amene amagona pa kabedi kaja, nkufinya kampira m'manja mpaka paketi ya 450 ml idzadze, nkumwa drinki ndi bisiketi basi kubwerera m'kalasi. Amenewa ndi omwe aja korona ankangowadutsa pamwamba. Bambo wazaka 60 amene anagona pa oxygen ku chipatala cha Levy Mwanawasa, amene mwina anali ndi ma antibody ochuluka, anatuluka ali wefuwefu, shuga ndi BP zili pamwamba, ndani akanamutenga magazi? Ine ndimaona kuti apa mpamene plasma inkavutira kulikonse, mwini katundu wabwino ndi amene sangakwanitse kupereka.

Komabe magazi a opereka anathandiza mwa njira ina, kuwerenga anthu amene kachilombo kanawadutsa mwakachetechete. Ku Malawi atapima magazi osungidwa ndi MBTS, bungwe lotolera magazi kumeneko, anapeza ma antibody mwa anthu pafupifupi 18 pa 100 mu Okutobala 2020, pofika Meyi 2021 anali cha m'ma 65. Kuno ku Zambia kafukufuku wa m'makomo wa Julayi 2020 ku Lusaka, Ndola, Kabwe, Livingstone, Nakonde ndi Solwezi anaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 anali atakatenga, pomwe ziwerengero zolengezedwa zinali zochepa kwambiri. Ku Manaus ku Brazil anawerengera kuchokera kwa opereka magazi kuti 76 pa 100 anadwala kale pofika Okutobala 2020, ena nkumati basi zatha, koma mu Januwale 2021 mliri unabweranso mpaka oxygen kutha m'zipatala. Katemera kuno anayamba pa 14 Epulo 2021 pa UTH pomwepo, ndipo ochira kale akabayitsa ma antibody awo ankakwera kuposa mmene matenda okha anawasiyira.