Kodi mlangizi wa zaulimi amakaphunzira chiyani pa digiri yachiwiri?

Mwezi wathawu mlangizi wina wachitsikana amene amagwira ntchito chakumtunda kwa Namwera adandipeza pa Boma ku Mangochi atanyamula mapepala ake a digiri yoyamba. Funso lake lidali lakuti, "Bambo, kodi ndibwerere kusukulu kukachita masters ya ulangizi, kapena ndingosankha za mbewu kapena za nthaka zimene anthu amazilemekeza?" Ndakhala ndikumva funso limeneli kwa zaka zambiri, ndipo limandikhudza chifukwa limasonyeza kuti ngakhale ife eni ntchito timaganiza kuti ulangizi ndi kungolankhula basi, pamene sayansi yeniyeni ili kwina.

Maphunziro a ulangizi ndi kufalitsa mauthenga kumidzi amafufuza chinthu chimodzi chimene chimasowetsa mtendere aliyense amene adayendapo m'minda: n'chifukwa chiyani uthenga wabwino umafika pakhutu la mlimi koma osafika m'munda mwake? Tengani kabzalidwe ka Sasakawa, ka mbewu imodzi pa phando, mapando otalikirana masentimita 25 ndi mizere ya masentimita 75. Palibe mlimi wa ku Katuli kapena ku Chilipa amene sadakamvepo, komabe mukayenda mu Januwale mupeza minda yambiri idabzalidwa mbewu zitatu pa phando monga kale. Mlimiyo si mbuli ayi. Mwina alibe anthu omuthandiza kubzala mvula yoyamba ikagwa, mwina feteleza wake ndi wochepa, mwinanso amaopa kuti mbewu imodziyo ikadyedwa ndi chiswe kapena mbewa phando lonse likhala lopanda kanthu. Digiri yachiwiri imakuphunzitsani kufunsa mafunso amenewa mwadongosolo, kusankha anthu owafunsa mosakondera, kusanthula mayankho awo ndi kulemba zimene mwapeza m'njira yoti wina angathe kuzitsimikizira.

Kuno ku Malawi ambiri amapita ku Bunda, imene kale inali gawo la Yunivesite ya Malawi koma tsopano ili pansi pa LUANAR, yunivesite ya zaulimi yomwe idayamba kuima payokha mu 2012. Kawirikawiri maphunzirowa amatenga zaka ziwiri. Chaka choyamba chimathera m'kalasi, kuphunzira za chikhalidwe cha anthu akumudzi, kaphunzitsidwe ka anthu akuluakulu, kakonzedwe ka mapologalamu, njira zofufuzira ndi masamu ounikira zotsatira. Chaka chachiwiri ndi cha kafukufuku wanu ndi kulemba thesis (lipoti lalikulu la kafukufukuyo), imene mudzaiteteze pamaso pa akadaulo. Kuti mulandiridwe pamafunika digiri yoyamba yokhoza bwino, choncho mlangizi amene ali ndi dipuloma ya ku koleji ya Natural Resources College (NRC) ayambe wamaliza digiri imeneyo. Ogwira ntchito m'boma ayambe msanga nkhani ya tchuthi cha maphunziro, ndipo osowa fizi aziyang'anira zolengeza za mabungwe monga RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa umene likulu lake lili ku Kampala.

Chimene ndimalimbikira kwambiri n'chakuti musapite kusukulu mulibe funso. Ndipo Mangochi ndi dera lodzaza ndi mafunso otere. Ndikukumbukira tsiku lina ndili pa munda wachionetsero kufupi ndi Lungwena, nditafotokoza kwa ola lathunthu za kasamalidwe ka nandolo m'Chichewa chomveka bwino. Amayi adakhala pansi pa mtengo wa mango, akugwedeza mitu mwaulemu, koma palibe adafunsa kanthu. Pamene mayi wina, mlimi wotsogolera anzake, adaimirira ndi kubwereza zomwezo m'Chiyao atagwira nthambi ya nandolo m'manja, mafunso adabwera ngati mvula, ndipo m'pamene ndidadziwa kuti vuto lawo lalikulu silinali kabzalidwe ayi, koma mbuzi zimene zimamasulidwa chimanga chikangokololedwa nandolo akadali m'munda. Abambo ambiri tsikulo kunalibe, adali atagona chifukwa adachezera kunyanja kupha usipa. Amene amaitanitsa msonkhano Lachisanu masana m'mudzi momwe anthu akupita ku mzikiti, kapena madzulo m'mwezi wa Ramadan, asadabwe akapeza mabenchi okha. Chilankhulo, nthawi, chipembedzo, ndi funso lakuti munda ndi wa ndani m'banja la chikamwini, zonsezi ndi nkhani zoyenera thesis, ndipo zimaposa mitu yongotengera m'mabuku a kunja.

Gawo la kufalitsa mauthenga nalo lakula. Kale tinkadalira magazini ya Za Achikumbi, mapologalamu a pa MBC ndi galimoto zoonetsa kanema m'midzi. Lero kuli mawayilesi a m'madera monga Dzimwe ku Monkey Bay, kuli bungwe la Farm Radio Trust, kuli mauthenga a pa foni ndi magulu a WhatsApp. Pamene mbozi za ntchemberezandonda zidavuta m'chimanga mu 2017, tidaona kuti uthenga wolondola ndi mphekesera zimayenda pa njira imodzimodzi, ndipo nthawi zina mphekesera ndi imene imafika msanga. Wophunzira bwino amadziwa kuyesa ngati pologalamu ya pa wayilesi yasintha zimene mlimi akuchita, osati kungowerenga anthu amene adaimba foni.

Palinso chifukwa china chimene anthu ophunzira mozama akufunikira. Kuyambira chaka cha 2000 ndondomeko ya dziko lino imati ulangizi uzichitidwa ndi mbali zosiyanasiyana, boma, mabungwe ndi makampani, ndipo uzitsata zimene alimi eni ake apempha. Papepala n'zabwino, koma m'mudzi umodzi mungapeze bungwe lina likuti phimbirani nthaka ndi mapesi, lina likuti akwirireni, wogulitsa mankhwala nayenso akunena zake, mlimi ali pakati. Kugwirizanitsa mawu amenewa pa boma ndi pa EPA (dera la ulangizi wa zaulimi) kumafuna munthu wodziwa kuunika umboni ndi kulankhula ndi mfumu, katswiri ndi mlimi mofanana.

Sindibisa kuti pepala la masters limeneli silikutsimikizirani kukwezedwa pa ntchito nthawi yomweyo, ndipo ndaona ena atalitenga akuthawiratu kumunda n'kukakhazikika m'maofesi a ku Lilongwe, chinthu chimene chimandimvetsa chisoni. Mtsikana uja ndidamuuza kuti asanalembe kalata yofunsira malo atenge kope, ndipo kwa dzinja limodzi azilemba uthenga uliwonse umene wapereka ndi zimene alimi achita nawo. Sabata yatha adandiimbira foni kuti walemba kale masamba asanu ndi atatu, ndipo ambiri mwa iwo ndi onena za amayi amene amamva pologalamu ya zaulimi pa foni ya amuna awo, amunawo akakhalapo.