Musandifunsenso ngati sukuluyo ili ndi mpanda

Januwale akangofika foni yanga siipuma. Wina akuimba ali ku Area 25, wina ku Mzimba, wina ku Mangochi, koma funso ndi lomwelo: "Mayi, sukulu imeneyi chitetezo chake nchokwanira?" Ndakhala zaka zambiri ndikuthandiza ophunzira ochokera kunja kupeza pogona muno mu Johannesburg, ndipo funso limeneli landikwana. Mpanda ulipo. Ku yunivesite ya Wits ku Braamfontein, ku University of Johannesburg (UJ) kaya ndi ku Auckland Park, ku Doornfontein kapena ku Soweto, pageti pali alonda ndipo wophunzira amalowa ndi khadi. Koma mwana wanu sagona m'kalasi. Pafupifupi onse amene analirapo mu ofesi mwanga tsoka linawapeza kunja kwa geti, panjira yochoka pasukulu kukafika pakhomo la chipinda chawo. Njira imeneyo ndi imene muyenera kufufuza musanalipire ngakhale randi imodzi.

Joni si mudzi umodzi woti munthu nkunena kuti ngwabwino kapena ngwoipa. Mu Braamfontein, misewu ya Jorissen, De Korte ndi Juta imakhala yodzaza ndi ophunzira mpaka madzulo, ndipo unyinji womwewo ndi umene umateteza. Mukangoyenda mphindi zochepa chakum'mawa mwalowa Hillbrow, kumene foni sitiitulutsa pamsewu. Ku Auckland Park zinthu nzosiyana. Ku Brixton, Westdene ndi Melville nyumba zambiri zinasanduka zogonamo ophunzira, misewu yake ili zii, mitengo mbali zonse, ndipo makolo akaona chithunzi mtima umakhala pansi. Komatu bata lomwelo ndi limene limapatsa mpata galimoto kuima pambali pa mwana woyenda yekha, ena awiri nkutsika nkumulanda chikwama. Apolisi amatulutsa ziwerengero za milandu miyezi itatu iliyonse, polisi iliyonse payokha, ndipo mutha kuona za Hillbrow, Johannesburg Central, Jeppe ndi Brixton. Ziwerengerozo sizingakuuzeni kuti ndi ngodya iti imene magetsi ake anafa chaka chatha. Zimenezo amadziwa ndi wophunzira wa chaka chachitatu amene amadutsapo tsiku ndi tsiku.

Dzina la sukulu nalo limasocheretsa. Wa udokotala kapena uphunzitsi ku Wits nthawi yake yambiri amathera ku Parktown, osati ku Braamfontein. Wa zaumoyo ku UJ amaphunzira ku Doornfontein. Chaka chilichonse pamapezeka wina amene wasainira chipinda cha miyezi khumi pafupi ndi kampasi imene sadzapondako.

Pali mtsikana wina amene mpaka lero sandichoka m'maganizo. Anabwera kwa ine mu Febuluwale pamodzi ndi amalume ake, munthu waulemu, wakhala kuno zaka zambiri akugwira ntchito ya m'maluwa. Anati mwanayo azikhala nawo cha ku Rosettenville, ndalama ya lendi ipulumuke. Ndinafunsa za mayendedwe. Takisi ziwiri (kuno takisi ndi minibasi), kusintha m'tauni, ndipo pakati pake kuyenda wapansi kuchoka pa renki ina kupita pa ina. Ndinati, "Amalume, mu Juni dzuwa limakhala litalowa isanakwane 6 koloko, nanga akadzakhala ndi kalasi ya madzulo?" Iwo anaseka nkuti, "Mayi, ife timayenda momwemo tsiku lililonse." Sananame. Koma iwo amayenda chimanjamanja, amalankhula Chizulu, ndipo anyamata a parenki amawadziwa nkhope. Mtsikanayo amayenda ndi laputopu kumsana ndipo akangotsegula pakamwa aliyense amadziwa kuti ndi mlendo.

Anamulanda mu Meyi. Sanamuvulaze, anangomuonetsa mpeni, laputopu ndi foni nkupita, ntchito zonse za temuyo zili momwemo. Chimene chinamugwetsa si laputopuyo ayi. Anayamba kutuluka m'kalasi 3 koloko kuti mdima usamupeze m'tauni, za ku labu zamadzulo anasiya, ku laibulale sanakhalenso. Sanauze aliyense, poopa kuti kumudzi anena kuti akunyoza amalume amene akumudyetsa. Anabweranso kwa ine mu Novembala atalephera maphunziro awiri. "Anti, ndimaopa," ndi zokhazo zimene ananena. Ndalama imene inapulumuka pa lendi inathera kubwereza maphunzirowo. Tsiku lija mu Febuluwale ndinalemekeza mkulu ndipo ndinasiya nkhaniyo msanga. Ndikanaumirira.

Tsono za anthu a m'deralo. Makolo amafunsa monong'ona ngati kumeneko "amatida". Sindikubisirani: mu Meyi 2008 ziwawa zodana ndi alendo zimene zinayambira ku Alexandra zinapha anthu 62, mu Seputembala 2019 masitolo anaotchedwa ku Jeppestown ndi ku Malvern, ndipo gulu lothamangitsa alendo la Operation Dudula likadalipo. Mawu onyoza alendo oti kwerekwere mwana wanu adzawamva, mwina m'takisi. Koma kumadera a ophunzira amakhala limodzi Azulu, Asutu, a ku Zimbabwe, a ku Congo, ndipo amene amadziwika amatetezedwa. Ndimauza wophunzira aliyense kuti aphunzire kunena Sawubona ndi Dumela, azipereka moni kwa mlonda wa pakhomo ndi kwa mayi wogulitsa zipatso pangodya, ndipo akakhala kutsogolo m'takisi asakane kuwerenga chenji. Mayi wa zipatsoyo ndi amene adzamuuze kuti lero usadutse uko. Mwana amene amangocheza ndi Amalawi okhaokha, kuchoka m'kalasi nkudzitsekera m'chipinda, amakhalabe mlendo mpaka chaka chachinayi, ndipo akasowa masiku awiri palibe wozindikira.

Msampha umene ndimauopa kwambiri ndi wa wakwathu. Madobadoba sanathere ku ofesi za mapasipoti kumudzi, ali konkuno, amadikira mabasi cha ku Park Station ndipo adzaza pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Amakulankhulani Chichewa chokoma kapena Chiyao, "achimwene musavutike, ine ndikonza zonse", chithunzi cha chipinda choyera bwino, dipoziti mutumize lero chifukwa ena akuchifuna. Mwana akafika, nambala ija yazima. Ena chipinda amachipezadi, koma m'nyumba zosanja za m'tauni zimene eni ake anazithawa ndipo zigawenga zimatolera lendi, magetsi akuba, zitseko zothawirapo zomangidwa ndi unyolo. Tonse tikukumbukira moto wa pa 31 Ogasiti 2023 ku nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, umene unapha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Chipinda chotchipa modabwitsa pakati pa tauni, chopanda pepala la mgwirizano, cholipira pamanja kwa mnyamata wa pakhomo, musamuikemo mwana ngakhale usiku umodzi. Lamulo la kuno limati dipoziti isungidwe mu akaunti yobereka chiwongoladzanja, ndipo landilodi akakana kubweza pali Rental Housing Tribunal yokadandaulako kwaulere. Koma mukadandaula bwanji mulibe risiti, ngakhale dzina lenileni la amene munamupatsa ndalama simulidziwa?

Madobadoba omwewo ndi amene amagulitsa makoleji abodza. Zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo, chikwangwani chachikulu, malonjezo a unamwino m'miyezi isanu ndi umodzi. Koleji iliyonse imene si ya boma iyenera kukhala m'kaundula wa unduna wa maphunziro a ukachenjede wa dziko lino, ndipo kaundulayo ali pa intaneti. Onani dzina, onani adiresi, onaninso ngati maphunziro amene mwana akufunawo alembedwa pansi pa dzinalo. Satifiketi yopachika pakhoma isakukhutiritseni, aliyense angathe kuisindikiza.

Zonsezi zimayamba ndi kuchedwa. Ku Wits mafomu a maphunziro ambiri amatseka kumapeto kwa Seputembala, ena monga a udokotala mu Juni, pomwe makalasi amayamba mu Febuluwale chaka chotsatira. Malo ogona a sukulu ndi ochepa ndipo amapemphedwa nthawi yomweyo. Amene amakumbukira za pogona chitupa cha viza chitatuluka mu Januwale amatola zotsala, ndipo munthu wothamanga ndiye ndiwo ya dobadoba. Pemphani ku ofesi ya ophunzira akunja mndandanda wa nyumba zimene sukulu inaziyendera nkuzivomereza. Funsani ngati basi ya sukulu imaima pafupi, yomaliza imanyamuka nthawi yanji, ndiponso ngati geti ndi magetsi a m'makonde zimagwirabe ntchito magetsi akazima.

Kenako pezani wophunzira amene ali kale kuno, osati wa nyumbayo, mumutumizire ya data. Akuimbireni pa vidiyo 7 koloko madzulo tsiku la pakati pa sabata, ali ndi mnzake, akuonetseni msewu wa pakhomo pa nyumbayo ndi mtunda wokafika pageti la sukulu. Akakuyankhani kuti nthawi imeneyo iye sangatulutse foni pamsewu umenewo, yambani kufuna chipinda kwina.