Diso si kamera ayi

Ndatopa nako kumva zoti diso lili ngati kamera, limajambula zinthu mmene zilili, ubongo n'kumangolandira chithunzi chathachitha. Ndinazimva ndili mwana, mpaka lero zikuzungulirabe m'mafoni.

Ntchito ya diso ndi kutola kuwala. Chithunzi chimagwera mkati mwa diso chili chadodolido, kenako mtsempha umapititsa uthengawo ku mbali ya ubongo ya kunkhongo. Kumeneko ubongo umalumikiza zidutswa, zosowazo n'kumadzazira potengera zimene unazolowera. N'chifukwa chake kachisisira chingwe chili panjira chimasanduka njoka, munthu wamkulu n'kudumpha.

Musangokhulupirira ine, yesani nokha. Papepala lembani kamtanda kumanzere ndi kadontho kumanja, zitalikirane masentimita 8. Tsinzinani diso lamanzere, lamanjalo liyang'anitsitse kamtanda, ndipo sendezani pepalalo kumaso pang'onopang'ono. Likafika pamtunda wa masentimita pafupifupi 30, kadontho kaja kamangoti zii. Apo kagwera pamalo pamene mtsempha umatulukira m'diso, pomwe palibe maselo omva kuwala. Chodabwitsa n'chakuti simuona dzenje lakuda, mumangoona pepala loyera. Ubongo wamata pong'ambikapo osakuuzani.

Ndiye wina akakutumizirani nkhani ya maso kapena ya ubongo, musafulumire kuipatsira anzanu musanaiyese kapena kufunsa dokotala wa maso. Zambiri zimayeseka pakhomo pomwepo. Imani pagalasi, yang'anani diso lanu lamanja kenako lamanzere: simuwaona akusuntha, koma mnzanu amene wakuimirani pambali akuwaona bwinobwino.