Musafupe ng'oma isanalire

Tinali pabwalo la sukulu ina chakufupi ndi Malindi ku Mangochi, dzuwa la Okutobala lili paliwombo, gulu lathu la beni litandanda mizere iwiri. Anyamata oimba ng'oma anali akadali kuwamba ng'oma zawo pamoto wa mapesi. Wenzulo anali asanalire. Mayi wina anatuluka m'chinamtindi cha anthu, nalunjika kwa mnyamata wathu amene amavina ndi ndodo ziwiri chifukwa mwendo wake wamanzere unadulidwa pamwamba pa bondo, namupisira K500 m'thumba la malaya a khaki. Mnyamatayo anapanira ndodo m'khwapa, natulutsa ndalamayo, nkuibweza ndi manja awiri.

"Pepani mayi, sungani kaye. Muyambe mwaona gule."

Ena anang'ung'udza kuti mwanayu ndi wamwano. Ine amene ndimamuphunzitsa ndinamumvetsa. Kufupa ndi kuyankha. Wovina amakugwira mtima, iwe nkulephera kuugwira, nkuthamangira m'bwalo ndi kandalama kako. Ndalama yoperekedwa munthu asanaponde ngakhale phazi limodzi ili ndi dzina lina, ndipo mnyamatayo amaidziwa bwino chifukwa amapatsidwa yotereyi pa depoti ndi pamsika asanapemphe n'komwe.

Ntchito yanga ndi yophunzitsa magule m'magulu momwe anthu aulumali ndi opanda ulumali amavinira limodzi. Anthuwa si ochepa monga ambiri amaganizira. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, oposa 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo anthu achialubino okha anawerengedwa 134,636. Tsopano werengani ovina m'gulu la beni la m'mudzi mwanu, kapena chinamtindi chimene chimadzaza msewu ndi nthambi za mitengo nthawi ya manganje, muone ngati chiwerengerocho chikuoneka. Ambiri mwa iwo amakhala pakhonde, kumvera ng'oma patali.

Poyamba nanenso ndinkalakwitsa. Ndinkaika mtsikana wa pa njinga ya olumala pakati pa bwalo, anzake nkumavina momuzungulira, iye akungomwetulira ngati mkwatibwi pa perekaniperekani. Wosaona ndinkamupatsa chisekese, wosamva ndinkamuimika kumbuyo kuti azingotsanzira. Anthu ankaomba m'manja, ine nkumadziona ngati ndagwira ntchito. Amene ananditsegula maso ndi mtsikana yemweyo, tsiku lina titamaliza kukonzekera: "Aphunzitsi, ine ndivina liti?"

Funso limenelo limakukakamiza kufunsa lina, loti kodi gule amakhala pati. Tengani beni. Mukamuyang'ana mwachangu munena kuti beni ndi miyendo: kuguba, kuponda pansi, kutembenuka. Koma muyang'anitsitseni. Beni ndi mzere woongoka, chifuwa chotukula, mapewa onjenjemera, ndi gulu lonse kumvera lamulo limodzi nthawi imodzi ngati asilikali pa perete. Phazi ndi chida chimodzi chabe chogundira pansi pamene ng'oma yafika. Nsonga ya ndodo yoyendera imagunda momveka kuposa phazi lopanda nsapato. Wa pa njinga amatha kutukula timatayala takutsogolo nkutigwetsa pansi ndendende pa kugunda kwa ng'oma, kapena kumenya zitsulo zopalasira ndi zikhatho. Choncho ndinasiya kulamula kuti "kwezani mwendo wamanja". Masiku ano ndimati "ng'oma ikagunda kachinayi, aliyense agunde pansi, nkhope kumanzere". Aliyense amapeza njira yake ndi thupi lake, koma nthawi yogundira ndi imodzi, ndipo amene wachedwa wachedwa basi, kaya ali ndi miyendo iwiri kaya umodzi.

Akuluakulu ena amandiuza kuti ndikuononga gule wa makolo. Ndimawayankha mwaulemu kuti beni mwiniwakeyo ndi gule wobwereka. Anayambira m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja yamchere monga Mombasa ndi Lamu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, potsanzira magulu oimba malipenga a asilikali achitsamunda, ndipo dzina lakelo linachokera ku mawu achingerezi otchulira magulu amenewo. Kuno anafala ndi anthu obwera kuchokera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Gule amene anameza yunifolomu, nyota ndi wenzulo za msilikali sangatsamwidwe ndi ndodo yoyendera.

Kwa osamva vuto lalikulu ndi wenzulo, osati ng'oma. Ng'oma yaikulu ukaima nayo pafupi imamveka m'chifuwa, ndipo pa nsanja yamatabwa imadutsa m'mapazi. Koma kuno ku Mangochi nthawi zambiri timavina pamchenga, ndipo mchenga umameza kunjenjemera konseko. Ndiye timachita ziwiri. Woimba ng'oma yaikulu amakhala kutsogolo pamene ovina onse akuona dzanja lake, ndipo mtsogoleri poliza wenzulo amakwezanso kansalu koyera. Chinsinsi chake n'chakuti kansaluko kayenera kukwera wenzulo asanalire, pang'ono chabe, monga munthu amakokera mpweya asanayambe nyimbo, apo ayi wosamva amachedwa nthawi zonse ndipo anthu amati sadziwa kuvina. Njirayi sitinaiyambitse ife. M'chaka cha 2005 ovina 21 osamva a ku China anadabwitsa dziko lawo pa wailesi yakanema ndi gule wa mikono yambirimbiri yotambasuka nthawi imodzi, ndipo m'makona a nsanja munaima aphunzitsi awo akuwerenga nyimbo ndi manja. Mtsogoleri wa gule amene ali ndi wosamva m'gulu mwake ayenera kuphunzirako chinenero chamanja, ngakhale mawu ochepa oti "yamba", "bwereza", "fulumira", "wachita bwino". Anyamata ndi atsikana amene anadutsa m'sukulu za osamva monga ya Maryview ku Nguludi kapena ya ku Mua amabwera nacho kale, ndipo amakuseka ukamapotoza zala molakwika, zomwe zili bwino ndithu.

Wosaona amafuna kuti zinthu zisasunthe. Ng'oma ikakhala kum'mawa kwa bwalo pokonzekera, ikhalenso kum'mawa tsiku la chionetsero, chifukwa ndiyo kampasi yake. M'malire a bwalo timakhomerera chingwe pansi kuti phazi lizichimva. Pomuphunzitsa kavinidwe, iye ndi amene amagwira mapewa kapena chiuno cha mnzake akuvina kuti amve mmene zikuyendera, ndipo onse awiri amayamba agwirizana. Sitimugwira mwadzidzidzi nkumamupinda ngati chidole. Lamulo lomwelo ndi la njinga: ndi gawo la thupi la mwiniwake, simuikankha kapena kuitsamira musanapemphe.

Pali zina za thanzi zimene mphunzitsi sayenera kuchita nazo chibwana. Munthu amene anavulala mtsempha wa mumsana nthawi zambiri satuluka thukuta bwino m'munsi mwa pomwe anavulalira, ndiye kutentha kwa kuno kungamugwetse msanga anzake akadali bwinobwino. Samvanso kupweteka pokhalira, motero chilonda chimayamba iye osadziwa. Ayenera kumadzitukula pampando pafupipafupi ndi kudziyang'ana khungu madzulo. Wovina wachialubino asaimikidwe padzuwa la masana kudikira mlendo wolemekezeka amene wachedwa ndi maola atatu. Chipewa chachikulu, malaya a mikono yaitali ndi mafuta oteteza khungu zikhale mbali ya yunifolomu yake, ndipo poti ambiri saona bwino patali, aime pafupi ndi mtsogoleri. Ife timakonzekera m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Njinga yamatayala atatu yopalasa ndi manja ndi yabwino pa ulendo wa kumsika, koma sitembenuka pamalo amodzi, choncho mwini wake timamupatsa mizere italiitali yodutsa bwalo lonse, ndipo akabwera ndi liwiro anthu amaimirira.

Pa nyimbo Amalawi tinawavomereza kalekale anthu aulumali. Alan Namoko wa ku Thyolo anali wosaona, koma amene ankasonkhana kumvera banjo yake ndi gulu la Chimvu Jazz ankabwera chifukwa cha nyimbo. Lazarus Chigwandali, woimba wachialubino, anachoka poimba m'misewu ya ku Lilongwe mpaka kukaimba kunja. Gule ndi amene watsalira, ndipo ndikuganiza kuti chifukwa chake n'chakuti woimba ungamumvere utatsinzina, pomwe wovina amakuuza kuti undiyang'ane thupi. Thupi lomwelo limene agogo ankalifunditsa chitenje alendo akabwera.

Apa ndi pamene pamabwera mawu oti kunyadira ulumali, amene amasokoneza anthu ambiri. Munthu anganyadire bwanji kudulidwa mwendo? Sakunena kuti ngoziyo inali yabwino, kapena kuti malungo amene anagwira ubongo wa mwana anachita bwino. Akunena kuti manyazi awakana. Ku America mwezi wa Julaye amaupatula pa zimenezi, pokumbukira lamulo loteteza anthu aulumali limene linasainidwa pa 26 Julaye 1990, ndipo chaka chomwecho mumzinda wa Boston munachitika tsiku loyamba la chikondwerero chotere. M'magule ndiye zimaoneka ndi maso. Celeste Dandeker anali wovina waluso ku London, anagwa pa nsanja m'chaka cha 1973 navulala msana, ndipo mu 1991 iye ndi Adam Benjamin anayambitsa Candoco, gulu la ovina aulumali ndi opanda ulumali, limene matikiti ake anthu amagula monga amagulira a gulu lina lililonse. Magulu ena otere ndi AXIS, limene linayamba ku Oakland ku America mu 1987, ndi Unmute, limene linayamba ku Cape Town mu 2013. Ambiri munaona pa foni Musa Motha wa ku South Africa, amene mwendo wake unadulidwa chifukwa cha khansa ali mwana, akuvina ndi ndodo pa mpikisano wa Britain's Got Talent mu 2023. Mukaonenso kachiwiri, koma ulendo uno muyang'ane mmene amasamutsira kulemera kwa thupi kuchoka pa ndodo kupita paphazi. Pali zaka za pulakatisi pamenepo.

Mnyamata wathu uja poyamba ankavala buluku lalitali lolendewera kuti chitsa cha mwendo chisaoneke. Tsopano amalipinda bwinobwino nkulimanga ndi lamba wofiira, ndipo ndodo zake anazikulunga mikanda. Palibe amene anamuuza.

Malamulo tili nawo. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhazikitsa lamulo lake mu 2012, ndipo la 2024 linasandutsa bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Koma lamulo silinafike pa masitepe a nsanja. Pamalo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja muno anatiitana kukavina, nsanja yake ya masitepe asanu, popanda potsetsereka pokwerera njinga. Anyamata anayi ananyamula mtsikana wathu ndi njinga yake yomwe ngati thumba la chimanga, alendo akujambula. Kenako woyendetsa mwambo anatenga maikolofoni: "Ngakhale anzathuwa ndi olumala, ayesetsa." Gule anali asanayambe. Mawu oti "ngakhale" amenewa ndi K500 ija ya mayi wa ku Malindi, kungoti yavala tayi. Masiku ano timayenda ndi matabwa athu awiri, ndipo woyendetsa mwambo ndimamulembera papepala zoti anene: dzina la gulu, dzina la gule, kumene tachokera. Ndimakambiranatu za malipiro, chifukwa alipo amene amatikumbukira pa 3 Disembala pokha, tsiku la anthu aulumali, nkuganiza kuti botolo la chakumwa ndi ndalama ya minibasi zakwanira.

Tsiku lija ku Malindi gule anayenda bwino, koma mnyamata wa ndodo anaphonya potembenuka kachiwiri, mzere wonse nkukhota. Ndinamuona, nayenso anadziwa kuti ndamuona. Ng'oma zitafika pachimake mayi uja analowadi m'bwalo akululutira, K500 ili m'mwamba, namudutsa mnyamatayo osamuyang'ana n'komwe, nkukaimata pachipumi cha mtsikana wa mzere wakutsogolo amene mapewa ake ankachita ngati alibe mafupa. Sankadziwa kuti mtsikanayo samva.

Pobwerera mnyamatayo anakhala chete m'galimoto mpaka tinaoloka mlatho wa Bakili Muluzi. Pamenepo ndi pomwe anafunsa ngati Lachiwiri tingayambe 6 koloko m'malo mwa 7, kuti abwereze potembenuka paja anzake asanafike.