Kagalimoto ka gofu kosiyidwa ndi malemu: mabatire mugule pomaliza

Anthu amene asiyiridwa kagalimoto ka gofu ndi bambo awo, amalume kapena agogo amafika kugalaja ndi funso limodzi: mabatire atsopano ndi ndalama zingati? Ena amakhala atasankha kale mtundu wa penti. Ndimawamvetsa, chifukwa chinthu cha malemu chimakoka mtima, ndipo munthu amafuna kukaona kakuyenda mawa lomwe. Koma monga mmisiri wa zamagetsi a m'galimoto, langizo langa ndi lakuti mabatire akhale chinthu chomaliza kugula pa zonse zoyendetsa kagalimotoko. Ndiwo amadya ndalama zambiri pa ntchito yonseyi, amayamba kukalamba tsiku lomwe mwawatenga m'sitolo, ndipo mukawaika pa felemu yoola kapena pa mawaya odyedwa ndi makoswe, ndalamazo mwataya.

Musanamasule nati ngakhale imodzi, mumvane ndi abale anu kuti kagalimotoko ndi ka yani. Chinthu chimene chakhala chakufa zaka zambiri sichikhala ndi mwini, koma chikangoyamba kuyenda eni ake amachuluka.

Kenako dziwani chimene mwalandira. Timagalimoto tambiri takale timene timapezeka m'mabwalo a gofu, m'maesiteti ndi m'malo ogona alendo ndi ta makampani atatu. E-Z-GO inayamba mu 1954 ku Augusta m'chigawo cha Georgia ku America, ndipo anaiyambitsa ndi abale awiri a banja la Dolan. Club Car nayo ili ku Augusta komweko, ndipo mtundu wake wotchuka wa DS unapangidwa kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, usanabwere wa Precedent mu 2004. Yachitatu ndi Yamaha ya ku Japan. Ngakhale Harley-Davidson, imene timaidziwa ndi njinga zamoto, inkapanga timagalimoto ta gofu kuyambira mu 1963 mpaka mu 1982, tambiri ta matayala atatu. Mukapeza kotere mudziwe kuti zipangizo zake n'zovuta kupeza, ndipo ntchitoyo ndi ya munthu wopirira.

Chaka chimene kanapangidwa n'chofunika kuposa dzina la kampani, popeza thupi limatha kufanana zaka khumi pamene zam'kati zasintha kangapo. Pa Club Car DS yang'anani kapepala ka nambala pansi pa dashibodi, mbali ya wokwera. Pambuyo pa zilembo zoyambirira, manambala awiri oyamba ndi chaka ndipo awiri otsatira ndi sabata la chakacho: A8907 ndiye kuti kanatuluka mu 1989, sabata lachisanu ndi chiwiri. Jambulani nambalayo pa foni. Aliyense wogulitsa zipangizo, kaya ku Johannesburg kaya pa intaneti, adzayamba kukufunsani imeneyo.

Tsopano tukulani mpando. Mukaona injini ndi thanki, ndi ka petulo. Mukaona mabatire ali ndondondo, awerengeni, ndipo muwerengenso zivundikiro za pa batire limodzi. Chivundikiro chilichonse ndi selo imodzi ya mavolti 2. Zivundikiro zitatu ndi batire la mavolti 6, zinayi ndi la 8, zisanu ndi chimodzi ndi la 12. Mabatire 6 a mavolti 6 akutanthauza kagalimoto ka 36V, ndipo takale tambiri ndi totero. Mabatire 6 a mavolti 8, kapena 4 a mavolti 12, ndi ka 48V. Jambulaninso mmene mawaya alumikizidwira musanachotse kalikonse, chithunzi cha pafupi cha waya aliyense, chifukwa pakadzatha mwezi simudzakumbukira.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere kwambiri, chifukwa anthu amapeputsa mavolti 36 poyerekeza ndi magetsi a m'nyumba. Choopsa si kugwidwa ndi shoko ayi. Choopsa ndi mphamvu imene mabatirewa angatulutse nthawi imodzi sipanala ikagunda mitu iwiri. Imasungunula chitsulo, ndipo mphete ya pa chala imafiira m'kanthawi kochepa. Vulani mphete ndi wotchi, kulungani chogwirira cha sipanala ndi tepi, valani magalasi oteteza maso. Batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa haidirojeni umene umaphulika, choncho fodya ndi moto zikhale kutali, zitseko za galaja zikhale zotsegula. Ngati pansi pa mpando pali swichi yolembedwa Tow ndi Run, ikani pa Tow musanagwire waya.

Chotsani mabatire onse. Ndi olemera: Trojan T-105, batire la mavolti 6 lodziwika kwambiri pa timagalimoto timeneti, limalemera pafupifupi makilogalamu 28, ndiye onse 6 ndi pafupifupi 170. Mukawachotsa, tsukani malo awo ndi madzi osungunuliramo soda wophikira. Mudzaona thovu pamene pali asidi. Pitirizani mpaka thovulo litasiya. Ndiyeno yang'anani felemu, chifukwa chigamulo cha ntchito yonse chili pamenepa.

Felemu ya E-Z-GO ndi ya Yamaha ndi yachitsulo, ndipo imayamba kuola pansi pa mabatire pamene asidi wakhala akudonthera. Gogodani ndi hamala yaing'ono, bayani ndi sikuludiraiva. Dzimbiri la pamwamba limachoka ndi burashi ya waya. Ngati zaola ndi zitsulo zogwira mabatire zokha, wowotcherera aliyense wodziwa ntchito angapange zina ndi engo layini. Koma ngati sikuludiraiva ikulowa m'zitsulo zikuluzikulu ziwiri zoyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka pafupi ndi pamene masipulingi amangidwira, imani kaye muwerengere bwino. Club Car ili ndi mwayi pamenepa chifukwa felemu yake ndi ya aluminiyamu, yosachita dzimbiri. Komabe asidi amaidya, ndipo chizindikiro chake ndi ufa woyera ndi timaenje. Muyang'anenso ming'alu, mukudziwa kuti si wowotcherera aliyense ali ndi makina owotcherera aluminiyamu.

Felemu ikakhala yabwino, bwererani ku mabatire akale aja, osati poyembekezera kuti achira, koma kuti akuthandizeni kuyesa zina zonse. Batire la mtovu ndi asidi limatha moto lokha ngakhale lisakugwira ntchito, ndipo kumalo otentha limatha msanga. Likakhala lopanda moto miyezi yambiri, pa mapuleti ake pamauma timiyala ta lead sulphate timene sitisungunukanso potchaja. N'chifukwa chake mabatire amene akhala zaka ziwiri kapena zitatu osatchajidwa amakhala atatha, ngakhale kunja akuoneka bwino. Mankhwala amene ena amagulitsa ponena kuti amadzutsa batire lakufa ine sindiwakhulupirira, ndipo kuthira asidi watsopano kumangofulumizitsa kuwonongeka kwa mapuleti.

Pali chinthu china chimene chimanamiza ambiri. Amalumikiza tchaja ya malemu, siyaka, ndiye amati yapsa. Matchaja ambiri a timagalimoto timeneti sayamba ntchito ngati sakumva mphamvu ina kuchokera ku mabatire. Mabatire akatsikiratu, tchaja imangokhala chete. Njira yake ndi iyi: thirani madzi a batire, osati a pampopi kapena a pa mjigo, ongokwanira kumiza mapuleti, kenako tchajani mabatire a mavolti 6 awiriawiri ndi tchaja wamba ya 12V mpaka atakwera pang'ono, ndipo mukatero yesaninso tchaja yaikulu. Madzi odzaza bwino mumathira batire litatha kutchajidwa, chifukwa potchaja amakwera ndipo angasefukire. Werenganinso chimene chalembedwa pa tchajayo musanailowetse pakhoma. Zambiri zinapangidwira magetsi a ku America a mavolti 120, pamene ku Malawi, Zambia ndi South Africa ndi a 230. Ngati malemu anali ndi thiransifoma pafupi ndi tchaja, ntchito yake inali imeneyo, musaitaye.

Batire la mavolti 6 lodzaza, litapuma maola angapo, limawerenga pafupifupi 6.3 pa mita. Onse pamodzi a 36V amakhala pafupifupi 38, a 48V pafupifupi 51. Ngati akalewo sakufika pafupi ndi pamenepa, bwerekani ena kwa tsiku limodzi, ngakhale atatu a galimoto wamba a mavolti 12 pa kagalimoto ka 36V. Poyesera okha amakwana.

Kwezani matayala a kumbuyo pa jeke, muikepo zochirikiza zolimba, kuti kakadzuka mwadzidzidzi kasakugundeni. Tsegulani kiyi, ikani pa giya yopita kutsogolo, pondani pedulo pang'onopang'ono mukumvetsera. Phokoso loyamba lofunika ndi lakuti "kha", la solenoid, imene ndi swichi yaikulu yolola magetsi kupita ku mota. Ikapanda kulira, vuto kawirikawiri lili m'timawaya ting'onoting'ono: kiyi, fyuzi, kapena timaswichi ta pa pedulo ndi pa giya. Zimenezi n'zotchipa. Ikalira koma matayala osazungulira, yang'anani solenoid yeniyeniyo, swichi ya kutsogolo ndi kumbuyo imene imapsa kawirikawiri, mawaya akuluakulu, ndipo pomaliza mota. Mota ya timagalimoto timeneti ndi yolimba kwambiri. Nthawi zambiri imangofuna maburashi atsopano ndi kupukutidwa.

Mukaona kumbuyo kwa mabatire kuli mawaya okhuthala opiringizidwa, kagalimoto kanu ndi ka mtundu wakale wochepetsa liwiro powotcha magetsi otsala m'mawaya amenewo. Amatentha kwambiri, ndiye udzu wouma ndi zisa za makoswe muchotse zonse. Njira imeneyi imawononga moto kagalimoto kakamayenda pang'onopang'ono, koma ndi yosavuta kukonza. Tatsopanopo tili ndi kabokosi kotchedwa controller, kawirikawiri ka kampani ya Curtis, kamene kamagawa magetsi mosawononga, koma kakapsa n'kodula. N'chifukwa chake ndikuti muyambe mwadziwa ngati kali moyo musanawononge ndalama pa mabatire.

Ka petulo nkhani yake ndi yaifupi. Sikalira ndi kiyi. Injini imadzuka mukaponda pedulo, n'kuzima mukachotsa phazi, choncho musaganize kuti kafa. Mafuta akale amauma n'kutseka timabowo ta kabureta. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi n'kuwononga mapaipi akale a labala. Khuthulani thanki, tsukani kabureta, sinthani mapaipi, sefa, pulagi ndi oyilo, yang'anani malamba awiri, loyendetsa ndi la sitata. Ngati ndi Yamaha G1 kapena E-Z-GO yakale ya injini ya two-stroke (yotentha oyilo pamodzi ndi petulo), musadabwe kuona kuti pobwerera m'mbuyo injini yonse imazungulira chobwerera. Inapangidwa choncho.

Matayala akazungulira, mtima umafuna kutsitsa jeke n'kuyenda. Musatero mabuleki musanawaone. Timagalimoto tambiri takale tili ndi mabuleki kumbuyo kokha, okokedwa ndi kebulo, ndipo kebulo yokhala zaka imagwira dzimbiri m'kati. Liwiro lake ndi laling'ono, pafupifupi makilomita 20 pa ola, koma kagalimoto kopanda zitseko ndi malamba omangira okwera, konyamula adzukulu pamalo otsetsereka, kamavulaza. Tsegulani madiramu, pukutani, sinthani nsapato za mabuleki ngati zatha kapena zanyowa ndi oyilo. Gwedezani matayala a kutsogolo kuti mumve ngati pali pogwedera, thirani girisi, sinthani timalabala ta m'masipulingi, onani oyilo wa m'difu. Matayala okhala ndi ming'alu m'mbali asinthidwe ngakhale mapazi ake ali atsopano.

Zonsezi zikatheka, gulani mabatire. Gulani onse nthawi imodzi, amtundu umodzi, a deep cycle, opangidwira kupereka mphamvu pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Batire la galimoto wamba linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa polizira injini. Mukamalitsitsa tsiku ndi tsiku limafa m'miyezi yochepa. Kusakaniza latsopano ndi akale kumakokera latsopanolo pansi. Yang'anani deti lopangidwira, musagule amene akhala nthawi yaitali m'sitolo. Sinthaninso mawaya olumikiza mabatire, chifukwa waya wodyeka m'kati amatentha mpaka kusungunula mutu wa batire latsopano. Nyali ndi wailesi musazilumikize pa mabatire awiri okha kuti mupeze 12V. Awiriwo adzafa msanga n'kupha anzawo. Pali kabokosi kotsitsa mphamvu kuchokera ku onse, kogwira ntchito imeneyo.

Ambiri amafunsa za mabatire a lithium. Ndi opepuka kwambiri, safuna madzi, amakhalitsa. Amafuna tchaja yawoyawo, ndipo pa Club Car zina za 48V pamafunika kudumpha kakompyuta kolamulira kutchaja. Pa kagalimoto ka controller kokhala ndi felemu yabwino, ndi ndalama yogwira ntchito. Pa kakale ka mawaya opiringizika kaja sindilimbikitsa, pokhapokha mutasinthiratu zamagetsi zonse. Mabatire akale abwezeni kwa wogulitsa kapena kwa ogula mabatire otha. Asidi wake asathiridwe pansi kapena m'ngalande, ndipo ana asawaseweretse: mtovu umawononga ubongo wa mwana.

Za penti ndi mipando ndili ndi maganizo anga, ndipo mukhoza kutsutsana nawo. Thupi la timagalimoto tambiri ta m'ma 1990 ndi lapulasitiki, ndipo penti wamba amakakatuka ngati simunayambe ndi pulaimala yogwira pulasitiki. Nthawi zambiri kutsuka ndi kupukuta bwino kumabweza mtundu wake wakale. Mpando wong'ambika usoketseni ndithu, osoka mipando ya magalimoto amatha. Koma nambala ya kalabu yopentedwa pambali, zomata za mipikisano imene malemu anasewera, chiwongolero chosalala pamene dzanja lawo linkagwira, zimenezo ine ndimapempha eni ake kuzisiya. Ngati mwasankha kupenta thupi lonse, matani tepi pa malo amenewo musanayambe kupopera, ndipo kapepala ka nambala pansi pa dashibodi kasakhudzidwe ndi penti.