Ampulifaya ya mavalavu m'nyumba ya ku Tete

Munthu akaona ampulifaya (chokuzira mawu) yokhala ndi timabotolo tagalasi totchedwa mavalavu, toyaka mofiirira pamwamba pake, amayesa ndi katundu wakale amene anapulumuka kudzala. Zina n'zakaledi, koma zambiri zikupangidwa lero lino, ndipo zilipo zina zodula kuposa galimoto. Pa ntchito yanga yokonza mawailesi ndi zokuzira mawu, funso limene limabwera kawirikawiri n'lakuti, kodi n'zoona kuti ya mavalavu imamveka bwino kuposa ya transistor, kachipangizo kakang'ono kamene kanalowa m'malo mwa valavu? Ine ndimati imamveka mosiyana. Koma kuti muikonde kapena muitukwane kuno kwathu, zimadalira kwambiri masipika anu, magetsi a pakhoma panu ndi kutentha kwa chipinda chanu kuposa dzina lolembedwa pamphumi pake.

M'kati mwa galasilo mulibe mpweya. Muli kawaya kamene kamatenthetsa chitsulo chotchedwa cathode, ndipo chikatentha chimatulutsa ma electron amene amathamangira ku chitsulo china chotchedwa plate, chomwe chimakhala ndi mavoliti 400 kapena kuposa. Pakati pa ziwirizi pali kaukonde ka mawaya opyapyala. Nyimbo yochokera ku CD kapena ku mbale imafika pa kaukondeko ili yofooka kwambiri, koma ndiyo imalamula kuchuluka kwa magetsi odutsa, monga mmene zala ziwiri pampopi zimalamulira madzi a m'thanki yonse. John Ambrose Fleming anapanga valavu yoyamba ku England mu 1904, ndipo Lee de Forest wa ku America anawonjezera kaukondeko mu 1906. Transistor itatulukira ku Bell Labs mu 1947, zinatenga zaka pafupifupi 20 kuti ilande malo m'mawailesi a m'nyumba, ndipo inapambana chifukwa ndi yaing'ono, yotchipa ndiponso sidya magetsi ambiri.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu ena sanausiye valavu? Tikayeza ndi makina, ampulifaya yabwino ya transistor ndiyo imabwereza nyimbo molondola kwambiri. Izi ogulitsa sakonda kuzinena. Valavu imawonjezerako zake, koma zimene imawonjezerazo khutu limazilandira bwino. Makamaka mu ampulifaya za valavu imodzi mbali iliyonse (ya sipika ya kumanzere ndi ya kumanja), pamwamba pa liwu lililonse pamabwera kaliwu kena kofanana nalo koma kokwera kawiri, ndipo kameneka kamanenepetsa mawu a woimba ndi a gitala. Chachiwiri, mukaikweza mopitirira mphamvu yake, transistor imang'amba mawu mwadzidzidzi, pamene valavu imayamba yawafinya pang'onopang'ono. Kwaya, gitala ya dzanja, marimba ndi mawu a munthu zimakoma nayo zedi. Besi wa nyimbo zovina ndiye nthawi zambiri amatuluka womasuka, wosamangika ngati wa transistor. Wofuna kugwedeza malata paukwati kapena pabala, iyi si yake.

Pamene ambiri amataya ndalama ndi pa masipika. Valavu yotchuka ya 300B, imene Western Electric inatulutsa mu 1938, imapereka mawati pafupifupi 8 okha ikakhala yokha mbali imodzi. Ampulifaya ya Dynaco ST-70 ya mu 1959, ya mavalavu a EL34, imapereka 35 mbali iliyonse, ndipo McIntosh MC275 ya mu 1961, ya KT88, imapereka 75. Poyerekeza ndi manambala olembedwa pa zokuzira mawu za pamsika, awa akuoneka ngati nthabwala. Koma kumveka mokweza sikuchokera ku mawati okha. Sipika iliyonse yabwino imakhala ndi nambala ya ma dB yosonyeza mmene imamvekera ikapatsidwa wati imodzi, ndipo kusiyana kwa 3 dB kulikonse n'chimodzimodzi kuwirikiza mphamvu kawiri. Ndiye kuti mawati 8 pa sipika ya 96 dB akumveka mokweza ngati mawati 64 pa sipika ya 87 dB. Mukagula 300B n'kuimangirira ku masipika ouma a 86 kapena 87 dB, mudzati munaberedwa, pamene vuto ndi ukwati wosayenerana.

Kumbuyo kwa ampulifaya mumapezeka polumikiza polembedwa 4, 8, mwina ndi 16 ohm. Sankhani pogwirizana ndi sipika yanu. Ndipo musaiyatse n'kuiimbitsa popanda sipika yolumikizidwa, ngakhale kwa kanthawi. Pakati pa mavalavu ndi sipika pali thiransifoma, ndipo ikasowa kotulutsira mphamvu, mavoliti amakwera m'kati mwake mpaka kubowola zokutira mawaya. Imeneyo ndiyo mbali yodula kwambiri pa chipangizo chonse.

Tibwere ku magetsi. Chigawo chathu cha Tete ndicho chili ndi damu la magetsi la Cahora Bassa, ndipo magetsi ochokera ku Songo amayenda mpaka ku South Africa, koma zimenezo sizitanthauza kuti pa soketi ya m'nyumba mwanu pali mavoliti 220 okhazikika usana ndi usiku. Madzulo aliyense akayatsa zake amatsika, pakati pa usiku amakwera. Kawaya kotenthetsa EL34 kamafuna mavoliti 6.3, ndipo kamatsatira zimene zikuchitika pakhoma. Akakwera kwambiri, valavu imakalamba msanga. Akatsika kwambiri, mawu amafooka. Choncho stabilizer yabwino yokhazikitsira mavoliti, yamphamvu yoposa kawiri imene ampulifaya imadya, muiwerengere pamtengo wogulira. Magetsi akathima, thimitsaninso switch yake, ndipo akabwera dikirani mphindi zingapo. Kuthima n'kuyakanso mwadzidzidzi mavalavu akadali otentha kumawapweteka kuposa kuimba tsiku lonse. Nyengo ya mvula, kukayamba ziphaliwali, zulani pulagi.

Yang'ananinso kumene chipangizocho chachokera. Cha ku South Africa, ku Malawi kapena ku Europe chimagwirizana ndi magetsi athu a 50 Hz. Cha ku America chinapangidwira mavoliti 120 ndi 60 Hz, cha ku Japan mavoliti 100. Chochokera ku maiko awiriwa chimafuna thiransifoma yotsitsa mavoliti, ndipo ngakhale itapezeka, thiransifoma ya m'kati yopangidwira 60 Hz yokha imatentha kwambiri pa 50 Hz. A sola nawonso amve: inverter yotchipa, yosatulutsa magetsi osalala otchedwa pure sine wave, imachititsa kuti ampulifaya izing'ung'udza ndi kutentha.

Za Credelec, mita ya magetsi yolipiriratu ija, musadzanene kuti sindinakuuzeni. EL34 imodzi imadya ma amp 1.5 pa mavoliti 6.3 pongodzitenthetsa, kutanthauza kuti zinayi zimamaliza mawati pafupifupi 38 nyimbo isanayambe n'komwe. Ampulifaya yonse ikhoza kudya mawati 150 mpaka 200 kaya ikuimba kaya ili chete. Ya mawati 200 yoyaka maola anayi tsiku lililonse ndi 24 kWh pamwezi.

Pafupifupi magetsi onsewo amasanduka kutentha, ndipo apa ndi pamene wa mumzinda wa Tete ndi wa ku Angónia akusiyana. Ku Ulónguè kapena ku Tsangano, m'mwezi wa June, kufunda kwa mavalavu n'kolandirika. M'mbali mwa Zambezi mu October ndi November, pamene kunja kumadutsa madigiri 40, ndi nkhani ina. Galasilo limapirira, koma ma capacitor, tizipangizo ta m'kati tosunga magetsi, sapirira: lamulo limene timayendera ndi lakuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa capacitor umadulidwa pakati. Musaitsekere m'kabati yagalasi. Isiyireni mpata pamwamba ndi m'mbali, ndipo kansalu koluka kaja kokongoletsera wailesi, amayi andikhululukire, pano ayi. Kukatentha kwambiri, fani yaing'ono yopemerera chapatali imathandiza. Ngati m'nyumba muli ana, chotchinga chachitsulo chisachoke, pakuti galasi la valavu yaikulu limawotcha khungu nthawi yomweyo. A ku Moatize achenjere ndi fumbi la malasha: likaunjikana pamiyendo ya valavu n'kukumana ndi chinyezi, magetsi a mavoliti 400 amapeza njira yodumphira. Pukutani ndi kaburashi kouma, chipangizo chili chozizira ndi chozulidwa pakhoma.

Mavalavu amatha. Aakulu aja amakhala maola masauzande angapo, ang'onoang'ono ngati 12AX7 amakhalitsa kuposa pamenepo. Posintha aakulu mumagula oyezedwa kuti afanane, awiriawiri kapena anayi, ndipo ampulifaya zambiri zimafuna kuchunidwa bias, ndiko kuti kuchuluka kwa magetsi odutsa mu valavu pamene nyimbo palibe. Kuwala pang'ono kwa kawaya ka pakati n'kwabwinobwino, koma mukaona chitsulo chachikulu cha m'kati chikufiira, thimitsani pompo. Mafakitale opanga mavalavu atsala ochepa, makamaka ku Slovakia, ku Russia ndi ku China, ndipo mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itayamba, anasowa pamsika ndipo mitengo inakwera. Oitanitsa ku Johannesburg kapena pa intaneti aitanitsiretu ena osunga. Ponyamula ampulifaya pamsewu wa ku Zóbuè kapena wa ku Calómuè, zulani mavalavu, lembani nambala ya malo a iliyonse, ndi kuwakulunga paokha.

Chivundikiro cha pansi musatsegule nokha. Ma capacitor amasunga mavoliti okwana kupha munthu ngakhale pulagi itazulidwa. Si aliyense wokonza mafoni amene angaigwire. Funani mmisiri amene anazolowera ma TV akale a chimimba, chifukwa ameneyo amadziwa kutsitsa magetsi otsalira asanalowetse dzanja.

Kwa woyamba kumene, ine ndimalangiza ampulifaya ya EL84 kapena EL34 yokhala ndi mavalavu awiri aakulu mbali iliyonse, yodzichunira yokha bias, yopangidwira mavoliti 220 mpaka 240. Mavalavu ake savuta kupeza ndipo si odula ngati 300B. Musanalipire, pemphani kuimvera pa masipika amene mudzagwiritse ntchito, ndi nyimbo zimene mumazidziwa bwino, itayaka kale kwa mphindi 20 kapena 30. Nyimbo ikatha, sendezani khutu pa sipika: kung'ung'udza komveka muli pampando ndi chizindikiro chakuti ma capacitor atopa kapena pali vuto la waya wa earth, ndipo mtengo wokonzetsa uchotsedwe pa ndalama imene wogulitsa akufuna.