Mmene sitima za Oasis zidabadwira ku Turku n'kukakulira ku France

Mu February 2024 kampani ya Royal Caribbean, yoyendetsa sitima zikuluzikulu zonyamula alendo okasangalala panyanja, idalengeza kuti yaitanitsa sitima yapamadzi yachisanu ndi chiwiri ya mtundu wa Oasis, yoti idzatuluke mu 2028, ndipo ntchitoyo idapitanso ku Saint-Nazaire, m'dziko la France. Ku Finland nkhani yotere imatosa bala lakale. Sitima ziwiri zoyamba za mtunduwu adazilingalira, kuzijambula ndi kuziwotcherera mumzinda wa Turku, koma kuyambira yachitatu zonse zimapangidwa kwina. Funso lomwe a kumeneko sadalimalizebe n'lakuti kodi boma lawo lidalakwa mu December 2012 pokana kukongoza fakitale ya sitima ya ku Turku mayuro 50 miliyoni? Munthu asanaweruze, ndi bwino ayambe waona chimene a ku Turku adapanga.

Dzina limene silisowa pankhaniyi ndi la Harri Kulovaara, katswiri wojambula mapulani a sitima wa ku Finland. Ali ku kampani ya Silja Line adathandiza kupanga Silja Serenade, sitima ya 1990 yoyenda pakati pa Helsinki ndi Stockholm, yomwe idali ndi msewu wamasitolo wodutsa pakati penipeni, zipinda zogona zili ndi mawindo oyang'ana mumsewumo. Mu 1995 adalowa Royal Caribbean, ndipo maganizo a msewuwo adakula nawo pa Voyager of the Seas ya 1999 ndi Freedom of the Seas ya 2006, zonse zopangidwa ku Turku. Komabe msewuwo udali ndi denga, ndipo sitimayo idali bokosi lotseka.

Zinthu zidasintha mu February 2006, pamene Royal Caribbean, motsogozedwa ndi Richard Fain, idasainirana ndi Aker Yards, kampani yomwe idali mwini wa fakitale ya ku Turku pa nthawiyo, pangano la ntchito yomwe ankaitcha Project Genesis. Okonza mapulani adang'amba pakati nyumba yonse yapamwamba pa sitima, kuti ikhale midadada iwiri yosanjikizana, wina kumanja wina kumanzere, pakati n'kusiya chigwa chopanda denga. Chifukwa chake chidali cha malonda. Chipinda cham'kati chopanda windo ndicho chimagulitsidwa motchipa kuposa zonse, ndipo sitima ikamakula m'mimba zipinda zotere zimachuluka. Mukatsegula pakati, zipinda zomwezo zimakhala ndi khonde loyang'ana munda wa m'chigwamo wotchedwa Central Park kapena bwalo la Boardwalk kumbuyo, ndiye mtengo umakwera. Mundawo uli pansanjika yachisanu ndi chitatu, ndipo udadzalidwa mbewu zamoyo zoposa 12,000 ndi mitengo 56, zomwe zimafuna dothi, mapaipi othirira ndi ngalande zotayira madzi a mvula kuti asatsikire m'masitolo a Royal Promenade omwe ali pansi pake.

Kung'amba kumeneku ndiko kudabala mavuto ena onse. Sitima yaitali ikakwera funde pakati imapindika ngati mtanda woikidwa pamwala, ndipo funde likakhala kutsogolo ndi kumbuyo imapindikira pansi. M'sitima wamba nsanjika zapamwamba zolumikizana kuchokera mbali ina kufika mbali ina zimathandiza kukana kupindikako ndi kupotokola. Mukazichotsa pakati, katunduyo ayenera kutsatira makoma a midadada iwiri ija ndi thunthu lapansi, ndipo pamakona pamene chigwacho chathera ndi pamene chitsulo chimatopa msanga n'kuyamba ming'alu ngati sichidakhuthalitsidwe. Mphepo nayo ikalowa m'chigwamo imazungulira, ikhoza kugwetsa mbewu kapena kubweretsa utsi wa m'machumuni pamakonde a anthu, n'chifukwa chake kapangidweka kadayamba kayesedwa ndi kasitima kakang'ono m'chipinda chowomba mphepo.

Kuti midadada iwiri ndi munda zikwane, thunthu lidakula kufika mamita 47 pamzere wa madzi, ndipo pamwamba m'lifupi mwake mumaposa mamita 60. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 360, kumira m'madzi mamita 9.3 okha, pamene msinkhu wake pamwamba pa madzi ndi mamita 72. Anthu akaona chithunzi amafunsa kuti chinthu chachitali chonchi sichigubuduka bwanji. Yankho lili m'kufutukuka kwa thunthulo ndi m'kulemera kwa injini, mafuta ndi matanki a madzi zomwe zili pansi penipeni. Nambala ya 225,282 imene imatchulidwa kawirikawiri ngati matani a Oasis of the Seas, sitima yoyamba ya mtunduwu, si kulemera kwake ayi, ndi muyeso wa malo otsekedwa m'katimo. Kulemera kwenikweni ndi matani pafupifupi 100,000.

Chovuta kwambiri chidali malamulo a chitetezo. Pangano la mayiko la SOLAS limati boti lopulumukira lisanyamule anthu oposa 150. Oasis of the Seas idakonzedwa kunyamula alendo 5,400 akagona awiriawiri, kufika pafupifupi 6,300 mabedi onse akadzaza, kuphatikizapo antchito oposa 2,000. Maboti a anthu 150 sakadakwana m'mbali mwa sitimayo ngakhale mutawandandalika mothinana. Choncho kampani ya ku Norway ya Schat-Harding idapanga maboti 18 onyamula anthu 370 lililonse, otalika mamita 16.7, a matunthu awiri, injini ziwiri ndi zitseko zinayi. Onse pamodzi amanyamula anthu 6,660, ndipo otsala, makamaka antchito, amagwiritsa ntchito mabwato opopa. Mabotiwa amalendewera kale kunja kwa thunthu, kotero kuti anthu amangolowa boti n'kutsika molunjika, popanda kuyamba alikankhira kunja. Adavomerezedwa chifukwa SOLAS imalola kapangidwe kena ngati mwatsimikizira kuti chitetezo chake n'chofanana ndi cha lamulo, ndipo ntchito yowunika umboniwo idali m'manja mwa bungwe la Det Norske Veritas ndi boma la Bahamas lomwe mbendera yake sitimayi imanyamula. Njira yomweyo idagwira pa moto. Lamulo limafuna kuti sitima igawidwe ndi makoma okana moto pa mamita 40 alionse, kapena 48 pena, koma msewu wamasitolo ndi malo odyera aakulu sizingadulidwe choncho, ndiye padafunika zitseko zikuluzikulu zobisika, mafani okoka utsi ndi mapaipi opemerera madzi, zonse zitayesedwa pakompyuta.

Injini ndi zisanu ndi imodzi za kampani ya ku Finland ya Wärtsilä, zitatu za masilinda 16 zotulutsa makilowati 18,480 iliyonse ndi zitatu za masilinda 12 za makilowati 13,860, pamodzi 97,020. Palibe injini yolumikizidwa ku pulopela. Zonse zimapukusa majenereta, ndipo magetsiwo amagawidwa ku khitchini, makina oziziritsa mpweya, makina osandutsa madzi amchere kukhala akumwa ndi zoyendetsa sitima. Zoyendetsazo ndi ma Azipod atatu a kampani ya ABB, lililonse la mamegawati 20: mota yamagetsi yotsekeredwa m'chigoba cholendewera pansi pa thunthu, chomwe chimatembenukira mbali iliyonse, kotero kuti chiwongolero sichifunika. Luso limenelinso lidabadwira ku Finland. Kutsogolo kuli mapulopela anayi okankhira chammbali a mamegawati 5.5 lililonse, othandiza pokocheza. Liwiro lake ndi ma knot 22.6, pafupifupi makilomita 42 pa ola.

Kumanga kwenikweni kudayenda mwa njira yodziwika. Mapepala achitsulo amadulidwa ndi makina, kuwotchereredwa kukhala zigawo, kawirikawiri chozondoka kuti mmisiri aziwotcherera ndi kuika mapaipi akuyang'ana pansi, kenako zigawozo zimalumikizidwa kukhala mabuloko akuluakulu. A Oasis adalipo 181, olemera kufika matani pafupifupi 600, malinga ndi mphamvu ya kireni ya pafakitalepo. Buloko loyamba lidatsitsidwa m'doko louma pa 12 November 2007, sitima idayandama mu November 2008, ndipo idaperekedwa kwa eni ake pa 28 October 2009, itadya madola a ku America pafupifupi 1.4 biliyoni. Zipinda zogona zidabwera zomalizidwa kale kuchokera ku fakitale ina, bafa ndi mawaya zili momwemo, n'kumangozilowetsa.

Potuluka m'nyanja ya Baltic padali mlatho wa Great Belt ku Denmark, umene umasiya mpata wa mamita 65 okha. Okonza mapulani adadziwa zimenezi kuyambira pachiyambi, ndiye nsonga za machumuni adazipanga zotha kulowa m'kati. Usiku wa pa 31 October kulowa 1 November 2009, woyendetsa sitimayo William Wright adaithamangitsa pa liwiro la ma knot pafupifupi 20, chifukwa sitima yothamanga pamadzi osaya imakokeredwa pansi pang'ono, ndipo apa idapeza masentimita ena pafupifupi 30. Malipoti amasiyana pa mpata umene udatsala, ena akuti theka la mita, ena akuti mapazi awiri, koma onse akugwirizana kuti sudafike mita imodzi. Kusiyana kotereku kulinso pa Allure of the Seas ya 2010, sitima yachiwiri ya mtunduwu, imene idalengezedwa kuti ndi yaitali kuposa inzake ndi mamilimita 50. Otsatsa malonda adaigwiritsa ntchito nambalayo, pamene a kufakitale adati sadachite dala, ndipo kusiyana kochepa chonchi kungabwere ndi kutentha kwa chitsulo tsiku loyeza. Mawu a amisiriwa ndiwo akumveka, poti chitsulo cha mamita 360 chimafutukuka mamilimita anayi ndi kanthu pa digiri imodzi iliyonse.

Kukula kuli ndi mtengo wake kumtunda. Port Everglades ku Florida idamanga malo atsopano okwererapo, Nassau idakumba doko lake, ndipo ku Falmouth, Jamaica, kudatsegulidwa doko latsopano mu 2011. Kukonza sitimazi n'kovutanso. Ma bearing (zitsulo zomwe mtanda wa pulopela umazunguliramo) a Azipod imodzi ya Allure atayamba kutha msanga, sitimayo idachepetsa liwiro mpaka idakakonzedwa ku Freeport, Bahamas, kumayambiriro kwa 2014, pa doko loyandama lomwe silikadatha kuinyamula yonse. Pamalo omwewo pa 1 April 2019 kireni idagwera Oasis of the Seas ili pa ntchito yofanana, anthu asanu ndi atatu n'kuvulala. Ndipo pa 13 September 2016 ku Marseille boti lopulumukira la Harmony of the Seas, sitima yachitatu ya mtunduwu, lidagwa pa nthawi ya zoyeserera, wantchito mmodzi adamwalira, anayi adavulala.

Tsopano za 2012. Pofika nthawiyi Aker Yards idali itagulidwa ndi kampani ya ku South Korea ya STX, yomwe idali mwini wamkulu wa mafakitale onse awiri, ya ku Turku ndi ya ku Saint-Nazaire. Pa malonda a sitima zotere wogula amalipira gawo laling'ono, nthawi zambiri limodzi mwa magawo asanu, ntchito ili m'kati, ndipo zotsalazo amapereka tsiku lolandira sitima. Ndiye kuti fakitale iyenera kukongola ndalama zogulira zitsulo, injini ndi kulipira makampani ang'onoang'ono mazanamazana kwa zaka zitatu, ndipo mabanki sakongoza fakitale yomwe thumba lake lafooka. Nthambi ya STX ya ku Finland idapempha boma ngongole ya mayuro 50 miliyoni yolimbitsa thumbalo. Boma la nduna yaikulu Jyrki Katainen, kudzera mwa nduna ya zachuma cha mafakitale Jan Vapaavuori, lidakana, n'kupereka m'malo mwake thandizo locheperapo lothandizira luso latsopano. Mfundo zake zidali zakuti mwini fakitale ndiye ayenera kuikamo ndalama, kuti dzenje lidali lalikulu kuposa 50 miliyoni, komanso kuti malamulo a European Union amaletsa boma kuchirikiza kampani mwanjira yosokoneza mpikisano. Pa 27 December 2012 kudalengezedwa kuti sitima yachitatu ikapangidwa ku Saint-Nazaire, kumene boma la France lidali ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a fakitaleyo.

Oikira kumbuyo boma ali ndi umboni wolemera. Mu 2013 STX idagwa m'mavuto aakulu a ngongole kwawo ku Korea, zomwe zikusonyeza kuti mantha a nduna sadali opanda pake. Otsutsa amati ngakhale zili choncho, chimene chidatayika si sitima imodzi, poti pambuyo pa Harmony ya 2016 padabwera Symphony mu 2018, Wonder mu 2022 ndi Utopia mu 2024, iliyonse yoposa madola biliyoni imodzi. A ku France adawerengera kuti Harmony yokha ndi ntchito ya maola 10 miliyoni. Mmene ndalama za ku France zidasonkhanitsidwira sizidaululidwe zonse poyera, ndipo Finland idapempha akuluakulu a European Union kuti aone ngati malamulo adatsatidwa, koma panganolo silidasinthe. Choonekeratu n'chakuti pa mkangano wonsewo palibe mbali yomwe idanenapo kuti amisiri a ku Turku adalephera ntchito. Owotcherera ndi ojambula mapulani omwe adathetsa vuto la chigwa, la maboti ndi la mlatho ndiwo adakhala miyezi osadziwa za mawa, ndipo anzawo a ku Rauma, mzinda wina wa ku Finland, adaona STX ikutseka fakitale yawo mu 2014.

Chaka chomwecho banja la Meyer lomanga sitima ku Papenburg, Germany, lidagula fakitale ya ku Turku mogwirizana ndi boma la Finland, Meyer magawo 70 pa 100 alionse ndipo boma 30, kenako mu 2015 Meyer idatenga yonse. Ya ku Saint-Nazaire idabwerera ku dzina lake lakale la Chantiers de l'Atlantique mu 2018, boma la France lili mwini wamkulu. Royal Caribbean idabwereranso ku Turku ndi mtundu watsopano wa Icon, woyendera gasi wachilengedwe woziziritsidwa mpaka kukhala wamadzimadzi, womwe nawo uli ndi munda wopanda denga pakati. Icon of the Seas, ya mamita 365 ndi muyeso wa 248,663, idaperekedwa mu November 2023, ndipo patangopita masiku ochepa idatsitsa machumuni ake n'kudutsa pansi pa mlatho womwe uja wa Great Belt.